Adokowe Safuna Pasipoti

Grudziądz,
14 Novembala 2009

Okondedwa achimwene Bogumil,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Winnipeg pamodzi ndi alamu. Kuno kwayamba kuzizira, koma chipale sichinagwebe. Mankhwala a mawondo munatumiza aja ndinalandira, zikomo, ngakhale omwewo amapezeka pakona pathu pomwepa. Manda a amayi ndinakakonza kumayambiriro kwa mwezi, ndipo ndinayatsa kandulo ina m'dzina lanu monga ndimachitira chaka chilichonse.

Chondilembetsa ndi mayi wina wa kuyunivesite, Ilona Sobczak, amene akulemba buku la mbiri ya mapologalamu a ana a Loweruka m'mawa. Anafika kwathu mwezi watha ndi kojambulira mawu. Mukudziwa kuti ndinagwira ntchito zaka 19 ku kanema ya m'chigawo chathu, pa pologalamu ya "Dzukani, Dzukani!", ngakhale sindikhulupirira kuti munaionerapo, poti Loweruka inu mumadzuka masana. Inkayamba 9 koloko, maola awiri athunthu, pompopompo. Galu wobwera naye mlendo akakodza pakapeti, chigawo chonse chinkaona. Ana makumi atatu pamabenchi, zidole ziwiri, ndi Malume Tymon atavala juzi yachikasu imene m'nyumba zambiri inkaoneka yotuwa, poti makanema ambiri sankaonetsa mitundu. Ine ndinkakhala kuseri kwa galasi ndi mafoni atatu. Ana ankaimba kuti afunse Malume mafunso. Ndinkamva funsolo kaye, n'kulilemba pakapepala, kenako n'kudina batani kuti mwanayo amveke. Batani lomwelo ndi limene linkadula.

Mayi Ilona akuti matepi onse anafufutidwa kalekale, ankajambulirapo nkhani ndi mpira chifukwa tepi inali yodula mtengo. Chatsala ndi zimene anthu akukumbukira. Anandifunsa zambiri, ndinayankha, mpaka anafika pa Loweruka lina la mu Malichi 1986.

"Aliyense akundiuza zake," anatero. "Wina akuti anali mnyamata, wina akuti anali munthu wamkulu woyerekeza mawu a mwana, wina akuti sizinachitike n'komwe. Koma pafoni munali inu."

"Ana ankaimba ambirimbiri, mayi," ndinatero. "Ndikuthirireni tiyi wina?"

Achimwene, mwanayo anali Jagoda wanu.

Nthawi imeneyo n'kuti patatha zaka ziwiri chinyamukireni inu pa ulendo wanu wa sabata imodzi wa ku Hamburg, mutandisiyira mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wopanda mayi. Simunabwerere, ndipo kwa boma la masiku amenewo umenewo unali mlandu. Pasipoti yake a boma anali ataikana kawiri. M'makalata ndinkakuuzani kuti akukula bwino, ndipo sindinkanama. Loweruka ndinkamusiya kwa mayi Pelagia a m'munsi mwathu, omwe anali okhawo a foni pa mdadada wonse.

Tsiku limenelo foni yachiwiri inalira pologalamu ili pakati.

"Ndine Ola, ndili ndi zaka eyiti."

Munthu sungasokoneze mawu a mwana amene umamupesa tsitsi m'mawa uliwonse.

"Funso lako n'lotani, Ola?"

"La adokowe."

"Adokowe atani?"

Ananong'ona: "Azakhali, chonde."

Ndinalemba pakapepala kuti "Ola, adokowe", ndinakaonetsa pagalasi, n'kudina.

"Mwadzuka bwanji a Ola?" anatero Malume Tymon. "Akuti muli ndi mlandu ndi adokowe?"

"Malume, adokowe akapita kunja amabwerera chaka chilichonse. Nanga bambo anga bwanji sakubwera? Kusukulu akuti akabwera awamanga."

A Kruk, amene ankayendetsa pologalamuyo, anali kumbuyo kwanga. "Dula! Ludmila, dula, wagona kodi?" Chala changa chinali pabatani. Sindinadule. Sindinganene kuti ndinaganiza chilichonse chanzeru. Ndinkangofuna kumva chimene munthu wamkulu wina angamuyankhe, chifukwa ine mayankho anali atandithera.

Malume Tymon anakhala pabenchi pakati pa ana, n'kuyang'ana kamera.

"Ola, adokowe safuna pasipoti," anatero. "Bambo ako sanakuiwale. Wolakwa si iwe, ndipo si iwonso."

Woimba piyano anayamba nyimbo ya zidole nthawi yake isanakwane, ana anawomba m'manja, pologalamu inapitirira mpaka 11 koloko.

Lolemba akuluakulu a kukanema anatiitana mmodzimmodzi. Ine ndinati batani linakanirira, ndipo mwanayo sindikumudziwa. Wokonza makina anatsegula bokosi, sanapeze vuto, analemba kuti munali fumbi. A Tymon anawapatsa mpata woti anene kuti lilime linaterereka. Iwo anati akhala akulankhula ndi ana zaka khumi ndi ziwiri, ndipo lilime lawo siliterereka. Loweruka lotsatira juzi yachikasu inavalidwa ndi munthu wina.

A Tymon anapeza ntchito yogulitsa matikiti pa dziwe losambira la mumzinda, ndipo anapumira ntchito pomwepo. Boma litasintha mu 1989 palibe anawaitana. Kanema inkafuna achinyamata olumphalumpha ndi makatuni akunja. Ine ndinakhalabe pamafoni anga mpaka pologalamu inatha mu 1997. Kudziweko sindinapondeko. N'chifukwa chake Jagoda anaphunzira kusambira ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Munandifunsapo zimenezi kalekale, ine ndinati amaopa madzi.

Mayi Ilona atapita, ndinakhala masiku atatu, kenako ndinakwera basi kukawaona a Tymon kunyumba yosungira okalamba. Ali ndi zaka 81, diso limodzi silikuona. Ndinawapeza akukangana ndi namwino za zenera, iwo akufuna litseguke.

"Ha, Ludmila wa mabatani!" anatero. "Lija analikonza?"

Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse, kuyambira pa "Azakhali, chonde". Anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe umayesa sindinkadziwa? Kamwana kako kankabwera kuphwando la Khirisimasi chaka chilichonse, kachibwibwi, kodya malalanje a anzake. Katangoti 'Malume' ndinakazindikira."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Kuti atichotse tonse awiri? Mwanayo akanadya chiyani, mabatani?"

Anapukuta m'maso, kenako anafunsa: "Nanga bambo wakeyo anabwera?"

"Anabwera mu 1993, pamaliro a amayi. Anakhala masiku anayi."

"Masiku anayi," anatero. "Malire ali otsegula?"

"Ali otsegula."

Anayang'ana kuzenera. "Za ntchito sindidandaula, kudziwe kuja kunali kofunda kuposa kukanema. Koma pa zaka zonsezo ndinkati sindinanamizepo mwana. Tsopano sindikudziwa." Atatero anandifunsa ngati ndabweretsa chokoleti. Sindinabweretse. Anati ndine yemwe uja, sindinasinthe.

Sabata yatha ndinapita ku Toruń kwa Jagoda. Akuphunzitsabe masamu, ndipo Kalina, mdzukulu wanu, wayamba sukulu. Ndinamuuza kuti ndikufuna kumuimbira mayi Ilona ndi kunena zoona, koma ngati iye sakufuna, m'bukumo akhale Ola. Anali akusenda mbatata, sanasiye.

"Alembe dzina langa lenileni," anatero. "Ndi la bambo alembenso."

Ndinaimba Lachiwiri. Bukulo lituluka mu Meyi, ndipo akuti lidzakhala ndi chithunzi changa ndili pamafoni, tsitsi lili ngati chisa. Ndaona kuti ndi bwino mumve kwa ine musanawerenge, kapena wina wa kutchalitchi kwanuko asanakuonetseni. Sindikukupemphani chilichonse. Za 1984 sindinakuweruzenipo, aliyense ankathawa momwe angathere. Za zaka makumi awiri zapitazi mukudziwa ndinu. Mukafuna buku mundiuze, nditumiza. Mankhwala musatumizenso.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa anyamata anu awiri, amene ndimangowadziwira pazithunzi. Mayi Pelagia akadali moyo, akuti moni, akuti foni yawo ija inawabweretsera apolisi kawiri koma zinatha. A Tymon akuti moni kwa munthu amene anamuikira kumbuyo asanamuone. Kalina anajambula nyumba kuseri kwa pepalali ndili ku Toruń, akuti ndi yanu. Jagoda ndinamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndiwonjezere. Anati funso lake anafunsa kale, chigawo chonse chikumva, ndipo sabwereza.

Ndine mlongo wanu,
Ludmila