Asankha kunjenjemera kwa mnzanga, kanyimbo kanga akataya

Aphungu,

Ndili ndi zaka 31 ndipo ndimagwira ntchito pakampani yaing'ono yopanga mapulogalamu a m'foni. Pakamwa ndine wolemera, n'chifukwa chake ndalemba.

Tikupanga pulogalamu yokumbutsa odwala kumwa mankhwala. Ine anandipatsa ntchito yopeka kanyimbo koti foni izilira nthawi ikakwana. Ndinalimbana nako miyezi isanu mpaka kanakhala kofewa, kosadzidzimutsa munthu. Abwana atakamva anamwetulira.

Kenako mnzanga wokhala pawindo, yemwe ndinkamuthandiza masamu kuyunivesite, anapita kukacheza ndi odwala. Pamsonkhano anati, "Foni ikalira m'basi aliyense amatembenuka. Pali mankhwala ena omwe munthu safuna kuti basi yonse idziwe. Izingonjenjemera basi." Abwana anamenya tebulo. "Mwaumva mutu umenewo? Enafe tatanganidwa ndi kwaya kuno." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka nawo.

Ndikudziwa kuti mnzangayo ananena zoona, ndipo n'zimene zikundiwawa. Ndikamva mpando wake ukukhuluzika, akupita kuofesi ya abwana, ndimasiya ntchito n'kumamuyang'ana. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndinayamba ndakhalapo ndi nzeru, kapena ndinkangokhoza mayeso.

Masabata awiri apitawo ndinaika pulogalamuyi m'foni ya mayi anga, omwe amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mayi foni sayenda nayo m'manja. Amaikulunga m'kansalu n'kuiponya pansi pa chikwama, pamwamba makiyi ndi magalasi. Inanjenjemera masiku atatu osiyana, osaimva. "Kodi kanthu kako kaja kanafa?" anandifunsa. Anzawo onse foni amasunga chomwecho.

Kuntchito sindinauze aliyense. Lachinayi tikukaonetsa pulogalamuyi kwa akuluakulu a chipatala, ndipo mumtima ndikulakalaka wina akafunse za foni ya m'chikwama, mnzangayo asowe chonena, ine ndiimirire ndi kanyimbo kanga. Kodi ndine munthu woipa? Ndimuuze, kuti akatamandidwenso ndi nzeru zanga?

L. T.

Achimwene,

Imeneyi ndi nsanje, musaifunire dzina lina. Aliyense imamugwira, ndipo siikusandutsani munthu woipa. Chondidetsa nkhawa ndi masabata awiriwo.

Werenganinso kalata yanu. Mayi anu adumphitsa mankhwala katatu, koma simunanene ngati munawakonzera foniyo. Lero lomwe kaibwezeretseni kuti izilira. Mayi si umboni wosungira Lachinayi.

Mawa mukangofika, kokerani mpando kwa mnzanuyo mumufotokozere zonse, ndi kansalu komwe. Iye anaona munthu wa m'basi, inu mwaona mayi wa chikwama. Nonse mwaona odwala enieni, ndiye palibe amene wagonja. Mwina wodwala azisankha yekha pulogalamu itamufunsa komwe amasunga foni. Mwina izinjenjemera kaye, ikaona kuti sanaigwire ndiye ilire motsitsa. Zimenezo mukuzidziwa kuposa ine.

Mukagwirizana, lembani inuyo uthenga waufupi kwa abwana wonena zomwe munapeza ndi zomwe mwakonza awirinu. Kulemba mumatha, ndaona. Anthu ofatsa mumadikira kuti wina akuoneni, pamene ntchito yanu mwaitsekera m'kabati.

Nthabwala ya kwaya ija abwana analakwitsa. Tsiku lina muli awiri auzeni kuti inakupwetekani. Koma analakwa ndi iwo, osati mnzanuyo, ndipo odwala sanaseke nawo.

Chenjerani ndi maloto anu a Lachinayiwo. Tiyerekeze kuti ayenda monga mukufunira: wachipatala wafunsa, mnzanu wasowa chonena, inu mwaimirira n'kufotokoza bwinobwino za foni ya mayi anu. Pobwerera m'galimoto abwana sadzakuyamikirani. Adzangotembenuka n'kukufunsani kuti, "Munadziwa liti zimenezi?"