Kamtsuko ka Kikue

31 Okutobala

Tabwerako kung'anjo yowotchera mitembo. Kikue ali pa guwa m'nyumba muno, m'kamtsuko kokwana m'manja awiri. Kamtsuko! Mkazi wosenza thumba la mpunga osapumira panjira, zaka makumi asanu ndi zitatu ndili naye, ati wakwana m'menemo.

Ng'anjo yathu ya ku Nukudani anatseka chaka chatha. Ati makhonsolo atatu agwirizana, ife, a ku Shiraze ndi a ku Hisano. Galimoto ya zinyalala imodzi, basi ya maliro imodzi, ng'anjo yowotchera mitembo imodzi, kuseri kwa phiri. Nyumba yoyera ngati chipatala. Utsi osaoneka.

Kwathu timatola mafupa onse. Kuyambira kuphazi mpaka kumutu, awiriawiri ndi timitengo, phulusa lomwe kulisesera mumtsuko. Ndawotchapo anthu a m'mudzi muno ndi nkhuni, kale tikamasinthana nyumba ndi nyumba, ndikudziwa. Kumeneko ayi. Kafupa ka phazi, ka m'chiuno, ka pakhosi, ka mutu, basi vindikirani. Thebulo analikankhira kuseri lidakali lodzaza. Ine kuyesa akukatenga mtsuko wina. Ndinaima pomwepo mpaka dalaivala analiza hutala.

2 Novembala

Mwana wanga Sanae waimbira kukhonsolo. Ati kuseri kwa phiri mwambo wawo ndi umenewo, kutola pang'ono. Wofuna onse amanena m'mawa, amabwera ndi mtsuko waukulu. Ati pepala lolola kusiya otsalawo ndinadinda ndekha.

Ndinadindadi. Mtsikana wa pakauntala amawerenga chinachake, ine ndili pakati pomuuza za chaka chimene ng'anjo yathu inazima ndi chipale chofewa, malemu Sakuzo n'kupsa mbali imodzi. Anaseka. Kuona kuti waseka, ndinaonjezera ina. Chidindo phwa!

"Ababa, tsiku limodzi lokhali mukanatsekako pakamwa." Sanae ameneyo. Kenako kulira, kupepesa. Sanalakwe.

9 Novembala

Mpunga pa guwa, tiyi, lubani. Sanae wabwerera kutauni.

Dzuwa lili pamutu, phokoso la madirowa kukhitchini. Kutsegula, kutseka, kutsegula. Kikue akataya chinthu ankatero, osafunsa munthu, mpaka achipeze. Ndapita. Zii, palibe. Ndangoti, "Amake Sanae, mafupawo sali m'menemo."

17 Novembala

Genroku wa nyumba yakumtunda wabwera ndi mbatata. Tinakulira limodzi, pakamwa pake mpoola.

"Iwe Tatsuzo, mkazi wako wamukwatitsa ku Shiraze. Moyo wake wonse ankati amenewo ndi akuba madzi a m'minda, lero wagona nawo mbiya imodzi." Ndamutukwana mpaka agogo ake. Iye kuseka. Potuluka anayang'ana kamtsuko nthawi yaitali. Mkazi wake ali kuchipatala mwezi wachiwiri. "Wanga akapita, ndinyamula mgolo wa ndiwo zamchere, aone."

Wansembe ati tiika m'manda pa 15 Disembala, tsiku la 49 chimwalirireni, monga mwa mwambo. Ndamufunsa kuti munthu afika bwanji kumene akupitako alibe manja. Ati a ku Shiraze akhala akufika choncho zaka mazanamazana. Mwana wa sukulu uyu. Anawaona ndani akufika?

Madirowa lero kawiri.

26 Novembala

Basi ya m'mawa, ndekha, mtsuko waukulu pamiyendo. Wa ine mwini, ndinagula kale. Anthu kundipatsa malo.

Woyang'anira ng'anjo, a Horiuchi, munthu waulemu, kuwerama mpaka ndinachita manyazi. "Agogo, mukananena tsiku lomwelo, ndikanakupatsani onse." Ati otsala a anthu onse amawathira pamodzi, pa 20 mwezi uliwonse n'kukawaika m'dzenje kumtunda kwa nyumbayo. Ati nkhaniyi pamsonkhano wa makhonsolo inavuta, awiri kwa mmodzi. Woimira khonsolo yathu analola atamulonjeza kuti papepala padzakhala kabokosi kochongapo wofuna mafupa onse. Anandionetsa. Kabokosi ngati njere ya soya. Mwambo wa mudzi wonse m'menemo.

Ndakwera kudzenje. Chivindikiro cha simenti, mwala wolembedwa midzi itatu. Maluwa amasinthana, mwezi uno ndi a ku Hisano. Ndinakhala pansi kuti ndimuuzeko kenakake. Ine Tatsuzo, amene ndinachedwetsa ukwati wanga womwe ndi nkhani. Pakamwa gwa. Mphepo yokha, ndi galimoto ya maliro ina ikulowa kumunsiko.

Mtsuko ndabwera nawo wopanda kanthu.

8 Disembala

Chipale choyamba. Maondo kuwawa.

Chibwerereni kudzenje, madirowa ali chete. Ndimakhala kukhitchini masana onse kumvetsera. Ndasiyako lina lotsegula. Palibe. Kapena ananditsatira tsiku lija, n'kuwapeza mafupa ake, n'kukhala komweko. Munthu amakhala kumene kuli zambiri zake.

Mkazi wa Genroku wamwalira Lachitatu. Anatola onse, phulusa lomwe. Genroku anachonga kabokosi katatu mpaka pepala kubooka. Mudzi wonse tsopano ukudziwa, ati "musachite za Tatsuzo."

14 Disembala

Mawa. Tatsegula manda a banja lathu ndi Sanae kuti tisese. M'katimo ababa, amayi, mitsuko yaikulu, malo a iwiri otsala. Tayesa kuikapo ka Kikue. Ngati kapu yoiwalika pashelefu.

Ndamuuza Sanae. Tsiku langa usachonge kabokosi. Mutole pang'ono, kaphazi, kapakhosi, muike apa pambali pa amako. Otsalawo akankhe ndi thebulo lomwe, apite kudzenje. Mtsuko waukuluwo upatse wina.

"Ababa, inu? Amene mwakhala mukulira mwezi wonse?" Ine amene. Pakati pa anthu a midzi itatu adzandipeza, mawu angawa sasowa.

Anapitiriza kusesa. Kenako osatembenuka, "Nanga ine ndikadzakufunani nonse awiri, ndizidzabwera kuno kapena kuseri kwa phiri?"

Wagona m'chipinda cha amake. Ndimati ndimuuze m'mawa kuti... Kuti chiyani? Yankho sindinalipeze.