Nkhope ya a Ewald Yapita ndi Mapepala

Berlin, Epulo 1948

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Ine kuno ndilipo, kungoti manja ang'ambika ndi madzi ozizira.

Ntchito ndi yomwe ija: ndowa ya guluu, burashi, makwerero paphewa, kuzungulira zipilala zomatapo zidziwitso. Nyumba zinagwa ndi mabomba, koma zipilala zambiri zinangoima chilili. Pano kanema ndi zisudzo zayambiranso, ndiye malo akuchepa. Pamwamba timamata ovina, pansi anthu amamata nkhope za abale awo osowa pankhondo.

Chithunzi cha achimwene a Ewald chomwe munanditumizira ndinachimata pachipilala cha pasiteshoni ya sitima, pomwe amatsikira asilikali ochokera ku ukaidi. Pantchito yathu sitimatula pepala lakale, timangomata latsopano pamwamba pake. Ine ndinkaba malo, kusiya kazenera kuti nkhope yawo izionekabe. Akapitawo athu, a Pawlak, ankaona koma ankangoyang'ana kumbali. Nditagona ndi chimfine anatumako munthu wina, iye n'kumatapo chidziwitso cha kanema. Sindimuimba mlandu, ndiyo ntchito yake.

Chipilala chikanenepa ndi mapepala timachicheka n'kuchifundula ngati khungwa la mtengo. Chathu chija anachifundula mwezi watha. Nditapempha a Pawlak kuti ndifufuzemo anandiseka, amvekere: "Iwe Irmgard, mmenemo muli Berlin yense, uyambira pati?" Komabe anandibwereka mpeni wawo. Mapepalawo anali atagwirana gwa ngati thabwa. Ndinangopezamo khutu la munthu wina ndi theka la dzina. Zonsezo zinapita kufakitale.

Tsono Loweruka lapitali bambo wina wowonda kwambiri, a Nitschke, anandipeza ndikumata pomwepo. Anandifunsa komwe kwapita chithunzi cha mwamuna wa chipsera pachibwano, kunena cha achimwene chija. Akuti anachiona tsiku lomwe ankatsika sitima kuchokera ku Russia, koma anali wodwala, anangowatengera kuchipatala. Akuti nkhopeyo ikufanana ndi ya munthu yemwe ankadula naye mitengo ku ukaidiko, ndipo anamusiya wamoyo. Dzina lenileni sakulidziwa, poti kumeneko ankangoitanana mayina achipongwe. Sangalumbire asanachionenso.

Chiyembekezo chinandibwerera, sindibisa. Koma anthu otere ndakumana nawo ambiri, ena amangofuna ndudu. Awa sanapemphe kanthu.

Pempho langa ndi limodzi. Munditumizire chithunzi chomwe chili pamwamba pa bedi lanu. Ndikudziwa kuti chatsala n'chokhacho, ndiponso kuti mumachiyang'ana popemphera. Ojambula a kuno akuti alibe zipangizo zoti n'kujambula china kuchokera pamenepo. A Nitschke akachiona n'kuvomera, tidziwa koyambira kufunsa. Akakana, ndichimata pachipilala chomwechija, chifukwa sitima zikubwerabe, ndipo kuchipinda kwanu sikudutsa msilikali aliyense. Sindikulonjeza kuti chidzabwerera. Mukakaniza sindidzakudandaulani.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Frieda ndi ana awo, kwa amalume a Gustav, komanso kwa alamu anga a Lotte, akazi awo a achimwene. Alamuwo musawauze kaye za a Nitschke. Analira kale amuna awo kamodzi.

Ndine mwana wanu,
Irmgard