Mafuta a M'kabati

Lolemba, 13 Okutobala

Vepu, kandudu kanga kamagetsi kaja, yandithera madzi pa breki ya 11. Masana onse ndinali ngati nkhuku yofuna kuikira, kuzungulirazungulira m'makolido a nyumba ya okalamba imene ndimagwirako ntchito kuno ku Bolton, mpaka agogo a mu rumu 9 andifunsa ngati ndataya kanthu. Chiletsereni boma timavepu totaya tija mu Juni, ndakhala ndikugula timabotolo ta madzi ake kushopu ya pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Mtengo wake ngati muli golide, koma kabotolo kamodzi masiku atatu katha.

Sean, mnzanga wa kuntchito amene anandichotsa pa ndudu n'kundiika pa vepu, akuti ndine chitsiru. Iye amasakaniza yekha. Wandilembera zogula kuseri kwa lisiti: madzi awiri oyambira, kafungo, nikotini, sirinji, magolovesi. Wabwereza kawiri kuti nikotini isandikhudze pakhungu, m'maso ndiye ayi ndithu. Ndaitanitsa pa intaneti ndili m'basi. Kafungo ndasankha mango, poti ndawasowa.

Lachitatu, 15 Okutobala

Katundu afika mawa, ine ndili pa shifiti yaitali. Ndiye kuti olandira ndi a Lizzie. Izi sindinaziganizire.

A Lizzie ndi eni nyumba ino, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, komanso azakhali ake a Thumbiko wanga. Chinkhoswe chathu chili mu Disembala ndipo akuyendetsa zonse ndi iwo. Thumbiko ali ku Newcastle, sadziwa kuti ndinagwirapo ndudu chibadwire. Mkazi wosuta fodya, woimba alito mu kwaya! Akangodziwa a Lizzie, Bolton yense wadziwa, chipinda chapita, chinkhoswe kaya.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ndawapeza atakhala pasofa, bokosi lili pamiyendo. Sanatsegule, koma analigwedeza, amva kuti muli zamadzimadzi. Andifunsa kuti ndi chiyani. Pakamwa panga pangotuluka kuti mafuta.

"Odzozera?"

Ndagwedeza mutu. Basi, kugwedeza mutu kokha. Nkhope yawo yawala, akuti ankadziwa kuti mwana wa mchimwene wawo wapeza mkazi wapemphero. Ndatenga bokosi langa, ndakwera masitepe. Taonga iwe, ukanangoti mafuta atsitsi chikanavuta n'chiyani?

Loweruka, 18 Okutobala

Apita kumsonkhano wa amayi, ine ndatseka chitseko n'kusanduka dokotala. Magolovesi, sirinji, pepala la Sean patebulo. Koyamba ndathira mango wambiri, chipinda chonse kununkha ngati msika wa mu Disembala. Ndataya, ndayambiranso. Kachiwiri zaoneka bwino. Ndatsegula zenera ngakhale kukuzizira koopsa.

Sean akuti ndiike botolo pamdima masiku seveni kuti zikhwime, ndizigwedeza tsiku lililonse. Akutinso ndilembe dzina pabotolopo. Ndilembe kuti chiyani, m'nyumba ya a Lizzie? Ndaliika m'kabati lopanda cholemba, kuseri kwa zitenje.

Lamulungu, 19 Okutobala

A Lizzie andipeza ndikugwedeza botolo, chitseko ndinasiya pululu. Afunsa kuti mneneri wake ndi ndani. Ndati wa ku Leeds. Afunsa ngati angadzozeko pang'ono diso lawo lakumanzere, lija lili ndi ng'ala, poti opaleshoni yake ili pa 27 ndipo akuopa. Ndati mafutawo sanakonzeke, mneneri anati akhale masiku seveni kuyambira dzulo.

"Seven days. Nambala ya Mulungu imeneyo," atero, akuwerenga pazala.

Bodza lilibe mwendo amatero, koma langali lamera miyendo inayi. Kutchalitchi ndaimba osamva zomwe ndikuimba.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Ndagulanso kabotolo kakushopu. Masiku seveni ndi ambiri.

Lachinayi, 23 Okutobala

Zam'botolo zija zasintha mtundu, zafiirira ngati uchi. Ngakhale ine ndikanati ndi mafuta odzozera enieni. Nzeru ndaipeza: Loweruka poweruka ndigula mafuta a olivi, ndithire m'kabotolo kena, ndiwapatse Lamulungu. Olivi sapweteka munthu, ndipo ndiwauza kuti mneneri anati pachipumi pokha.

Ndamufotokozera Sean pa breki. Waseka mpaka kutsamwa, kenako wasiya kuseka, wati ndilichotse botololo m'nyumbamo lero lomwe. Ndati ndamva. Ndafika kunyumba nditatopa, ndasiya.

Thumbiko waimba, akufunsa za mtundu wa nsalu ya chinkhoswe. Ndayankha mwaukali popanda chifukwa. Ndikudana nazo zimene ndikuchitazi.

Loweruka, 25 Okutobala

Ndilembe basi.

Ndinali m'basi cha m'ma 9, ndikupita kushifiti, pomwe voisi ya a Lizzie inalowa pafoni. Mwansangala zedi. Akuti masiku seveni akwana lero, sanafune kundivutitsa, alowa m'chipinda mwanga atenga okha mafuta aja. Amayi awiri akutchalitchi akubwera 10 koloko kudzawapempherera, adontheza m'diso momwemo kuti dokotala akapeze ntchito itatha kale.

Ndinaimba. Sinayankhidwe. Ndinaimbanso kanayi, kenako ndinakumbukira kuti akamapemphera foni amaisiya kukhitchini. Ndinaganiza zolemba meseji yoti mneneri waletsa. Inde, ngakhale pamenepo ndimafunabe bodza lina, ndipo ndikuchita nazo manyazi. Koma meseji awerenga nthawi yanji? Ndinadina belu, ndinatsika, ndinaoloka msewu osayang'ana. Basi yobwerera inali kutali. Ndinathamanga ndi yunifomu, mvula ikuwaza, ndikuimbira kuntchito kuti ndichedwa.

Pabalaza ndinapeza ayamba kale, asanakwane n'komwe 10 koloko. Amayi awiri aja ataimirira, a Lizzie atakhala pampando, mutu atapendeketsa chagada, magalasi ali m'manja. Botolo lotsegula, lili m'dzanja la mayi wina, pamwamba pa nkhope yawo. Fungo la mango nyumba yonse.

Sindinaodire. Ndinangolilanda. Dontho linagwera pakapeti.

Onse anandiyang'ana. Mayi uja anafunsa ngati ndagwidwa ndi mzimu. Mpata wonama unalipo, ndikanati mneneri waimba, ndikanati masiku sanakwane. Koma ndinaona diso lija, loyera, likundiyang'ana osandiona bwino, ndipo ndinatopa.

"Si mafuta odzozera, azakhali. Ndi fodya wanga. Wa vepu. Muli nikotini, akanakuwonongani diso. Mneneri wa ku Leeds kulibe."

Mayi wina anapukuta zala zake pachitenje, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Winayo anayang'ana kudenga. Ndikudziwa kuti pofika mawa kwaya yonse ikhala itamva.

A Lizzie anavala magalasi. Anandifunsa ngati ndathamanga kuchokera kubasi, ndinati eya. Anandiyang'ana nsapato zonyowazo nthawi yaitali. Kenako anauza amayiwo kuti pemphero silidikira botolo, apitirize. Anapemphera ndi manja okha. Ine ndinaima pakhomo ndi botolo langa, osadziwa kuti nditseke maso kapena ndituluke.

Alendo atapita ndinawapeza kukhitchini akutsuka makapu. Ndinayamba kupepesa, anandidula. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anati za chipinda tikambirana akabwera kuchipatala, ndipo Lolemba ndiwaperekeze ndine, chifukwa pobwerera sadzatha kuona nambala ya basi. Za Thumbiko anati iwo sanena kanthu, koma amayi aja ali ndi mafoni.

Ndikutuluka anandiitana.

"A Taonga. Muimbireni lero, amve kwa inu."

Chilowereni m'nyumba muno ndakhala "iwe mwanawe". Sananditchulepo a Taonga, sanandinenepo kuti inu.

Kuntchito sindinapite. Ndakhala pabedi, botolo lili patebulo poyera. Thumbiko aweruka 4 koloko. Pano ndi 3:40.