Zimene Anapeza M'mutu mwa Esinati

Asisi okondedwa,

Muli bwanji ku Kitwe pamodzi ndi alamu? Kuno ku Jumbe tilipo, koma mng'ono wanu Esinati sali bwino.

Mutu uja unkamuvuta unamugwetsa m'munda wa thonje, dzanja lamanja n'kufooka. Ku Lusaka atamujambula anapeza kuti mitsempha ya magazi mu ubongo yatupa. Kenako dokotala anafunsa kuti, "Mayi, munapitapo padera?" Esinati anangowerama.

Akuti thupi lake limalimbana ndi magazi ake omwe mpaka kuundana, ndipo matenda omwewo ndi amene ankachotsa mimba zija. Akanawapeza msanga, mwina ana akanakhalapo.

Ndinakawauza a Mwale, amene anamusiya pomunamizira kuti mimba zinkachoka chifukwa choyendayenda. Anangoti, "Pepani alamu," atanyamula khanda la mkazi watsopano.

Tsopano Esinati akumwa mapiritsi ophwetsa kutupa ndi ena osungunula magazi, amene sadzasiya. Chonde zitsamba zanu zija musatumize, muzingomuimbira foni. Dzulo anandiuza kuti, "Achimwene, matenda apatsidwa dzina, koma ana anga anapita opanda mayina."

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Yosefe