Chipinda cha Amayi Chapakidwa Laimu

Ngabu
12 Epulo, 2025

Okondedwa achimwene a Sebastiano,

Malinga ndi chigamulo cha msonkhano wa banja umene unachitikira pakhonde la nyumba ya malemu Ababa, Lamulungu loyamba la mwezi wa Malichi, chimene mng'ono wanu Tomasi anachilemba pagulu lathu la pa Watsapu ndi zilembo zikuluzikulu, "zipinda za m'nyumba muno zikukonzedwa kuti Amayi akalambire pamalo abwino. Nyumbayi sigulitsidwa, sichititsidwa lendi, ndipo Amayi abwerera m'chipinda mwawo laimu akangouma." Inu munayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu choloza kumwamba. Inenso ndinavomera. Ndabwereza mawuwa kuti tonse tiwakumbukire, chifukwa papita masabata asanu ndi limodzi tsopano, ndipo kuno ku Ngabu, ndi dzuwa lathu mukulidziwali, laimu amauma munthu asanatsuke n'komwe burashi.

Kaya inu muli bwanji ku Mzuzuko ndi kuzizirako? Alamu ndi ana ali bwanji? Ife kuno tilipo. Mwina mudabwa kuti ndalemba papepala ngati kale. Pagulu paja Tomasi amawerenga msanga kuposa wina aliyense, ndipo foni yanu, mukudziwa nokha, ili ndi owerenga awiri. Kalatayi ndipatsira mkazi wa akatekisiti amene akubwera kumeneko Lachiwiri, ndawauza kuti akupatseni m'manja.

Ndiyambe ndi kuyamikira, kuti musaganize kuti ndine wanjiru. Tomasi amadziwa kukongoletsa nyumba ndi ndalama zochepa. Anagula thumba limodzi la laimu, n'kusakaniza ndi mchere kuti asamatsalire m'zovala munthu akatsamira khoma, n'kuthiramo buluu wochapira kuti kuyerako kuwale. Siling'i sanagule. Anaitanitsa mphasa za bango kuchokera kudambo, Geresomo n'kuzikhomera kunsi kwa malata, moti masana m'nyumbamo mukupumika. Geresomoyu ndi yemwe uja amalemba zikwangwani za maokala pamsika, tsopano imvi zili mbuu, amagwiranso za zomangamanga. Chitseko chakale cha bafa anachipala chasanduka tebulo. Makatani ndasoka ndine, ndi zitenje zitatu zomwe zinangokhala m'sutikesi. Pansi anamata ming'alu n'kupaka polishi wofiira. Zipinda zonse zitatu zawala: cha Amayi, chapakati chimene munkagona inu chija, ndi changa chakumapeto chimene ndakhalamo chibwerereni ku ukwati wanga wa ku Nchalo. Anthu odutsa pakabaza amachita kucheuka.

Koma achimwene, ine kukhala pakhomo tsiku lonse kwandiphunzitsa kuyang'ana.

Choyamba chinali masoketi. M'chipinda cha Amayi aikamo awiri, ina mbali iyi, ina mbali iyo. Amayi alibe foni, alibe wailesi. Chinthu chamagetsi chokha chimene anagwirapo m'moyo wawo ndi tochi yanga, imenenso amaiopa. Nditafunsa, Tomasi anati ndi chitukuko.

Kenako misomali. Mukukumbukira msomali wa kumutu kwa bedi, umene Amayi amakolekapo korona yawo, ndi wina wa chithunzi cha Ababa? Yonse anaizula, mabowo n'kumata. Ndinati, "Nanga korona azikoleka pati?" Anati khoma lamakono silifuna misomali.

Chimene chandichititsa kutenga cholembera ndi nkhani ya mzere. Inu mukuudziwa, koma simunauone momwe unakwerera. Chaka chilichonse madzi akalowa m'nyumba, Ababa ankatenga msomali n'kukanda pakhoma la m'chipindamo pamene madziwo alekezera, n'kulemba chaka pambali. Atamwalira, Amayi anapitiriza okha, ngakhale manambala awo amatuluka chagada. Madzi a namondwe wa Freddy ndiwo anasiya mzere waukulu, wamatope, wozungulira chipinda chonse, wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu.

Geresomo anapaka laimu koyamba. Kutacha mzere uja uli pomwepo, wachikasu, ngati ukuseka. Anapaka kachiwiri, unabwereranso. Tsiku limenelo ndinali pawindo ndikuyeza katani, ndiye ndinamva zonse.

"Bwana Tomasi," anatero Geresomo, "khoma lomwa madzi silisunga chinsinsi. Mungapake kasanu, likangomva chinyezi lilavula."

"Iwe ndakuitana kudzapaka kapena kudzalalikira? Pakanso."

"Mkono ndi wanga, laimu ndi wanu. Ine ndipaka mpaka Khirisimasi."

Ine ndinati, "Tomasi, kodi mzerewu tikubisira ndani? Amayi madzi amenewa anaimamo okha, chitenje atakwinyira m'khwapa. Ukuganiza kuti ukapaka aiwala?"

Anandiyang'ana n'kuti, "Alongo, inu mukanalowa upolisi bwenzi pano muli ndi nyenyezi paphewa."

 Kenako munthu amene anakangana ndi wogulitsa mchere kwa theka la ola chifukwa cha kambale kamodzi, anapita kukagula chitini cha penti ya oyilo, yobiriwira, imene mtengo wake unaposa laimu, mphasa ndi polishi kuphatikiza pamodzi. Anapakitsa kuchokera pansi kulekezera chikhatho chimodzi pamwamba pa mzere uja. Tsopano mzere kulibe. Zaka za Ababa kulibe. Ine ndinangoti mumtima, munthu woumira akamasula dzanja chonchi, ndiye kuti pali diso lachilendo limene akuliyembekeza.

Apa ndiyenera kuulula mbali yanga, chifukwa mukadzamva kwa ena mudzati ndinabisa. Amene anatulutsa Amayi m'chipinda mwawo ndine. Tomasi atawauza anakana. Anati, "Nkhabe, pakani ndili momwemo, laimu sapha munthu." Ndiye Tomasi anabwera kwa ine n'kuti, "Alongo, inu amakumverani. Auzeni kuti ndi sabata imodzi yokha." Anawonjeza kuti m'chipinda mwanga aikamo windo lagalasi m'malo mwa lathabwa lija, limene ndadandaula nalo zaka zinayi. Ndinapita kwa Amayi ndi mawu okoma. Ndinawanyamulira ndekha matiresi awo kupita nawo kukhitchini yakuseri. Iwo anangoti, "Pyadidi, chabwino mwananga. Koma bedi la abambo ako lisatuluke." Ndinalonjeza. Windo ndinalandira, ndi lokongola ndithu, ndipo ndikaliyang'ana ndimaona mtengo umene ndinagulidwa nawo.

Bedi la Ababa linatuluka tsiku lachitatu. Akuti linali ndi nsikidzi, zimene kwa zaka makumi asanu sizinalumepo munthu. Analimasula, lili pamwamba pa khola la mbuzi. M'malo mwake mwalowa timabedi tiwiri tating'ono, kena mbali iyi, kena mbali iyo, kalikonse pafupi ndi soketi yake. Amayi, monga mukudziwa, ndi munthu mmodzi.

Lachitatu lapitali kunabwera mlendo panjinga yamoto, bambo wina dzina lake a Petro, atavala malaya okhala ndi chizindikiro cha kampani ina yogula thonje. Tomasi anati ndi mnzake wa kutchalitchi, wabwera kudzazonda Amayi. Ine kutchalitchi sindijomba, nkhope imeneyo sindinaioneko. Ozonda Amayiwo analowa m'chipinda chopanda Amayi, nagogoda makoma, nayesa masoketi ndi chaja chawo, nafunsa kuti mjigo uli patali bwanji ndiponso ngati chimbudzi chili ndi chitseko. Kenako anafunsa chapansipansi, "Nanga madzi amafika kuno?"

"Kuno ndi kumtunda, bwana," anatero Tomasi. "Onani nokha makomawa."

Ine ndinali ndi kapu ya madzi akumwa m'manja. Ndinatsegula pakamwa, n'kukumbukira windo langa, n'kutsekanso. Chimenechinso ndikuulula.

Anali atakwera kale njinga pamene Amayi anaitana ali pakhomo la khitchini. "Kodi alendowo akuti abwera kudzaona ine? Ndili kuno." A Petro anatsika mwamanyazi, nagwada, napereka moni. Amayi anawagwira dzanja nthawi yaitali.

"Takhuta, zikomo baba, mwachita bwino kubwera. Chipinda changa mwachiona?"

"Eya, agogo, n'chokongola kwambiri."

"N'chabwino. Koma pogona mutu muziloza kuchitseko. Madzi amayambira mbali ya kuwindo."

A Petro anaseka kuseka kwa munthu woponda minga. Tomasi anati, "Akalamba, musawamvere." Amayi anabwerera kukasankha nyemba zawo. Ine ndinkaganiza kuti ndikuwateteza powabisira zimene ndikukayikira. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti anazindikira kale ine ndisanayambe.

Madzulo ake ndinamufunsa Tomasi maso ndi maso ngati akufuna kuikamo anyamata ogula thonje msika ukatsegulidwa mwezi wamawa. Anati ndiwerengenso zimene analemba pagulu. Ndinati ndaziloweza pamtima. Anati, "Ndiye vuto n'chiyani? Fungo la penti likatha alowa. Mukufuna adwale chifuwa?" Achimwene, chifuwacho akudwala kale, cha utsi wa m'khitchini. Munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi akugona pambali pa mafuwa, neti itamangidwa kumtanda wa denga wakuda ndi mwaye. Masana malata a khitchiniyo amatentha moti nkhuku zomwe sizilowamo. Fungo la penti ine ndanunkhiza m'mawa uno. Mulibe.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene ndachizengereza masamba awiri onsewa. Katoni imene munatumiza pabasi sabata yatha inafika bwino, ndipo tikuthokoza. Sopo ndi shuga Amayi analandira, anaombera m'manja. Tomasi anali kumunda pamene inafika, ndiye ndinatsegula ndine, poti pamwamba panalembedwa ndi dzanja lanu kuti "Banja la kwa Ababa." Pansi pa shugayo ndinapeza mababu atatu, ndowa zitatu zapulasitiki zofanana, ndi maloko atatu, makiyi ake awiriawiri. Ine ndinalekezera Folomu 4, koma kuwerenga mpaka zitatu ndimatha. Amayi sanakiyepo chitseko chibadwire, ndipo zala zawo masiku ano sizingapotokole kiyi. Ine loko sindinapemphe.

Sindikunena kanthu, achimwene. Mwina Tomasi anakuuzani kuti kuno kwachuluka akuba. Mwina maloko anali otchipa mukagula atatu. Ndikudziwanso kuti ana anu awiri ali ku sekondale ndipo zinthu zakwera kulikonse. Ngati munakambirana awiriwiri kuti zipindazi zizibweretsa kenakake, ndiuzeni ineyo, ndine munthu wamkulu, ndimva. Chimene sindingathe ndi kuyang'ana Amayi tsiku ndi tsiku ndili ndi bodza limene sindikudziwa kuti eni ake ndi angati.

Pempho langa ndi limodzi. Inu ndinu woyamba kubadwa, ndipo pamwambo wathu mawu omaliza pa nyumba ya Ababa ndi anu. Tomasi angandizembe ine, inu sangakuzembeni. Lamulungu loyamba mutalandira kalatayi, tikaweruka ku Misa, imbani pafoni yanga. Ndidzaika pokweza, Tomasi ali pomwepo, Amayi ali pomwepo. Mudzanene ndi pakamwa panu kuti bedi la Ababa litsike pakhola, Amayi alowe m'chipinda mwawo tsiku lomwelo. Chala choloza kumwamba chija musatumize, sichinyamula bedi. Msomali wa korona ndidzakhoma ndekha, ndasunga kale awiri. Windo lagalasi akafuna alichotse, lathabwa lija sindinataye. Mukapanda kuimba sindidzakufunsani chifukwa chake, ndidzakhala nditamva.

Perekani moni kwa alamu, muwauze kuti zitenje zimene anandipatsa paukwati wa mwana wa azakhali zija ndi zimene zasanduka makatani, akadzabwera adzaziona, ngati adzaloledwe kulowa. Ana onse muwapatse moni. Amayi akupereka moni wambiri. Akufunsa ngati chifuwa chanu chija chinasiya, akuti muzivala juzi ngakhale dzuwa liwale, chifukwa inu ndi mwana wa kotentha. Akusungirani masawu ouma m'kathumba, akuti a adzukulu, ndipo sakulola aliyense kukhudza. Ndawauza kuti ndikukulemberani. Akuti ndisakuuzeni za khitchini, muli ndi mavuto anu. Korona anaikoleka kumtanda womwe uja wa neti, ndipo dzina lanu ndi limene amayamba nalo popemphera. Dzuwa likamalowa amandifunsa kuti, "Clotilda, laimu uja wauma?" Ine ndimati, "Watsala pang'ono, Amayi." Iwo amati, "Pyadidi."

Ndine mlongo wanu wokukumbukirani masiku onse,

Clotilda

Ndamatulanso envelopu kuti ndiwonjezere ichi. Geresomo wabwera masana ano ndi kaburashi kake kolembera zikwangwani. Pachitseko changa walembapo 3. Pachitseko cha Amayi walembapo 1.