Nkhanu ya a Idris

Lolemba, 8 Julayi

Kwazizira lero. Magetsi anazima tisanadzuke, ndiye a Idris sanayatse makina owotcherera. Akhala padzuwa kuseri kwa nyumba tsiku lonse, nkhanu yawo ili pamwendo, kumangoitsegula ndi kuitseka. Zaka makumi atatu ndi zinayi m'banja, lero ndikulimbirana mwamuna ndi kachitsulo.

Dzina loti nkhanu ndinapereka ndine. Ndi kachitsulo ka mano awiri, kamaluma pa bedi, pa njinga ya odwala, ngakhale pa zitsulo za pawindo, ndipo kali ndi kandodo kopinda kopachikapo thumba la diripi. Anakapanga chifukwa cha Ilham. Mwana wathuyu, amene ndi namwino, anabwera kuchokera ku ntchito tsiku lina mu Epulo akudandaula kuti ku wodi ya ana zopachikapo diripi n'zochepa, moti mayi wina anaima ola lathunthu atakweza thumba m'mwamba ngati akuimitsa basi. Bambo ake anangonyamuka kulowa m'shedi.

Mawa akuti tipite m'tauni, ku ofesi yolembetsa zinthu zimene anthu apanga. Akufuna patenti, pepala la boma losonyeza kuti anayamba kupanga chinthuchi ndi iwo, wina asakope popanda chilolezo. Ndawauza kuti ndili ndi madiresi a ukwati wa ku Woodlands oti ndimalize kusoka. Ati, "Mungondiperekeza, mayi a Ilham."

Chikwatirane sanapemphepo kuperekezedwa kulikonse.

Lachiwiri, 9 Julayi

Tinakwera minibasi pa Kabwata. Nkhanu anaikulunga m'chitenje changa chatsopano, osapempha.

Ku ofesi tinapeza mayi wina wachifatse, Ba Chisenga. A Idris anayamba nkhani yawo kuchokera kutali monga mwa nthawi zonse. Anafotokoza za chopanira nyale chimene anapangira asodzi a kapenta ku Siavonga kalekale, kuti nyale isamagwere m'madzi boti likamagwedezeka. Anafotokozanso za burashi yozungulira yotsukira sefa ya chigayo popanda kumasula makina onse. Zonse ziwiri anthu anakopa. Chopaniracho anachipeza okha chikugulitsidwa m'shopu ina, chopakidwa utoto wofiira, mwini shopu n'kumawaphunzitsa kagwiritsidwe kake. Nkhaniyi ndaimva kambirimbiri koma mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto.

Kenako anafunsa, "Manje iyi yatsopano, mwaonesako bantu bangati?" A Idris anati ine ndi Ilham basi. Mayiyo anati zikhale choncho, asaionetse kwa wina aliyense kapena kuipereka ku chipatala mapepala asanalowe, chifukwa chinthu chikadziwika kale ndi anthu sichiwerengedwanso kuti n'chatsopano. Pakufunika kulemba mmene chimagwirira ntchito, kunena chimene chili chachilendo, ndi zojambula zooneka bwino, chidutswa chilichonse ndi nambala yake.

Anawapatsa fomu. A Idris anaiyang'ana nthawi yaitali akugwedeza mutu ngati akuwerenga. Inali chadodolido, mutu wake uli pansi. Ba Chisenga anaona, ine ndinaona. Mayiyo anangoti tikawerengere kunyumba, palibe changu.

M'basi anati anaiwala magalasi. Magalasi anali m'thumba la shati, ndimawaona.

Lachinayi, 11 Julayi

Ndikungoyang'anitsitsa.

Kapu ya tiyi amayamba aifufuza ndi zala. Foni akuti Ilham aziwawerengera mauthenga chifukwa "zilembo za masiku ano n'zazing'ono". Ndakumbukira kuti ntchito yopanga geti ya anthu ena a ku Chelstone anaikana mwezi watha, ati alibe nthawi. Munthu amene amakhala padzuwa tsiku lonse.

Ine ndinali kuti miyezi yonseyi? Pa makina osokera, mutu uli pansi.

Loweruka, 13 Julayi

Ndabwerako msanga ku City Market, kunalibe makasitomala. Ndinawapeza patebulo ndi pensulo ndi rula, mapepala asanu ndi limodzi atawafinya n'kutaya pansi. Ndinatola limodzi. Mizere yakwerana, nambala 4 ili pamwamba pa nambala 3. A Idris amene ankajambula geti yonse pa katoni ya sopo, mzere uliwonse pamalo pake.

Ndinakoka mpando n'kukhala pafupi. Ndinafunsa kuti zinayamba liti. Anati chaka chatha, diso lamanja poyamba, tsopano onse awiri. Ati zili ngati akuyang'ana kudzera m'pepala la pulasitiki limene lakhalitsa padzuwa.

"Nanga nkhanuyi munaipanga bwanji?"

"Manja amaona, mayi a Ilham. Koma manja sajambula."

Ndinafuna kukalipa, mawu anali kale pakamwa. Ndinangowachotsa pensulo m'dzanja n'kukawaphikira tiyi wa tangawizi.

Lamulungu, 14 Julayi

Ilham wawaunika m'maso ndi tochi. Akuti ndi ng'ala, ndipo amachotsa, opaleshoni yake siitenga ngakhale ola. Bambo ake akana. Wawachonderera, wawakalipira, walira. Ayi ndithu.

Ine chifukwa chake ndikuchidziwa. Bambo awo ku Mangochi anadwala maso, wina anawathira mankhwala a zitsamba n'kuwapala ndi kanthu, sanaonenso mpaka kumwalira. A Idris anali ndi zaka khumi, ndiwo ankawatsogolera ku mzikiti atagwira ndodo. Ndamufotokozera Ilham kukhitchini. Wati, "Koma Mama, izi si zofanana." Ndati ndikudziwa, koma mantha awo sakudziwa.

Lolemba, 15 Julayi

Ndawauza kuti ndijambula ndine. Anaseka, ati kujambula makina si kudula kolala. Ndati amene amatha kuika mkono wa jekete papepala, ukakwana paphewa la munthu wonenepa, kachitsulo sikangamukanike. Anasekanso koma anakatenga sipanala.

Lachitatu, 17 Julayi

Masiku atatu tsopano sindinapite ku msika. Madiresi a ku Woodlands ndamupatsa Delight wa shopu yoyandikana nane kuti amalize mipendero.

Timagwira ntchito pakhonde, chifukwa m'nyumba muli mdima magetsi akazima. Iwo amamasula nkhanu, n'kundiika chidutswa chimodzi m'dzanja. Amagwira chala changa n'kuchiyendetsa m'mphepete mwake. Apa papindika, apa pali kamphako, apa ndi pamene sipuling'i imakhala. Ine ndimayeza ndi tepi yanga ya utelala, iwo n'kumadandaula kuti tepi ya nsalu imanama. Lero andibwereka choyezera chawo chachitsulo chimene ngakhale Ilham sanachigwirepo.

Chachilendo pa nkhanuyi, ati, ndi kampini ka m'mbali. Namwino akhoza kuitsegula ndi chigongono manja ali otanganidwa, ndipo ikaluma siimasuka yokha ngakhale mwana agwedeze bedi. Zinawatengera milungu isanu ndi umodzi kuti kampiniko kamvere. Ine nthawi yonseyo ndinkangoti akusewera.

Chala changa chakhala m'dzanja lawo nthawi yaitali lero kuposa zaka khumi zapitazi. Dzanja lokhakhala, zipsera zokhazokha. Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pa mpanda, ndinachita manyazi ngati mtsikana. A Idris anaphimba nkhanu ndi chipewa, ati Ba Chisenga analetsa.

Lachinayi, 18 Julayi

Sipuling'i yandivuta. Ndaijambula kasanu konse.

Loweruka, 20 Julayi

Zatha. Mapepala anayi: nkhanu yotseka, yotsegula, yomasula zidutswa zonse khumi ndi ziwiri, ndi ina italuma pa bedi. Ndadutsitsa cholembera chakuda pamwamba pa pensulo. Ilham wataipa mawu ofotokozera pa kompyuta, bambo ake akumuuza, iye akukonza Chingerezi. Anakangana theka la ola pa liwu limodzi.

Ndanyada, ndisabise. Ndaziika m'fayilo ya pulasitiki pamwamba pa kabati.

Lolemba, 22 Julayi

Ndimati mawa tikapereke mapepala ku ofesi. Ndinawapatsa cholembera, ndinaika chala pamene ayenera kusaina. Anagwira pepala la zojambula, analiyandikiza kumaso mpaka kukhudza mphuno, analipititsa kutali, anatuluka nalo padzuwa. Anabwera n'kuika cholembera pansi.

Ati sangasaine chinthu chimene sanachione.

Zinandipweteka. Ndinafunsa ngati sakundikhulupirira. Anati si zimenezo. Ati pa moyo wawo wonse palibe geti kapena windo limene linatuluka m'shedi muja asanaliyang'ane komaliza, ndiye ichi chokha chimene chidzakhale ndi dzina lawo m'mabuku a boma achitulutse ali m'chimbulimbuli? Ndinati ndiye tipange bwanji. Anangobwezera pepalalo m'fayilo.

Tadya osalankhulana.

Lachiwiri, 23 Julayi

Ilham wabwera atatopa, maso ofiira. Sanavule n'komwe nsapato. Anakhala pa mkeka pafupi ndi mapazi a bambo ake monga ankachitira ali wamng'ono, n'kuyamba kusimba za ku ntchito ngati akungocheza. Kunabwera ana ambiri otsekula m'mimba. Agogo ena anagwirizira thumba la mdzukulu wawo mpaka mkono unachita dzanzi, ndiye anamangirira pa windo ndi lamba wa chikwama. Anasimba basi, sanapemphe kanthu. Pomaliza anati, "Baba, nkhanu ili pa kabati. Ine ndimaiona m'mawa uliwonse ndikamapita."

A Idris anafunsa ngati pa opaleshoniyo munthu amagonekedwa tulo. Ilham anati ayi, amangochititsa dzanzi diso lokha, munthu amamva zonse zimene akulankhula. Anafunsa ngati dokotalayo ndi wamkulu kapena kamnyamata. Anafunsa ngati ine ndingaloledwe kukhala pafupi. Anafunsa mafunso ambirimbiri, ena obwereza. Kenako anapita kukaswali.

Atabwerako anati, "Diso limodzi lokha. Lamanja. Likawonongeka nditsale ndi linalo."

Ilham anathawira kubafa kuti asamuone akulira. Ine ndinapitiriza kusankha nyemba ngati sindinamve.

Lachisanu, 26 Julayi

Anawayeza maso ku chipatala dzulo. Atipatsa tsiku la 6 Ogasiti. Kuchokera ku mzikiti lero abwera ndi nkhani za anthu atatu amene anachotsedwa ng'ala, onse akuona. Akuzisimba ngati anazifufuza okha kuti andilimbitse mtima ineyo.

Lachitatu, 31 Julayi

Asesa m'shedi, apachika sipanala iliyonse pa msomali wake. Andionetsa pamene pali makiyi. Ndawauza kuti asiye zimenezo, akupita kukachotsa ng'ala, sakusamuka. Ati akungokonza.

Madiresi a ku Woodlands anakwana. Mkwatibwi watumiza chithunzi.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Sanandilole kulowa m'chipinda cha opaleshoni. Ndinakhala pa benchi ndi jekete lawo pamwendo, ndikuwerenga mikanda ya tasbihi, kuiwala pamene ndafika, kuyambiranso. Asanalowe anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka mphete inandipweteka.

Mphindi makumi anayi. Anatuluka ndi bandeji ndi kachivindikiro pa diso, akuuza namwino kuti tayala la njinga imene anawakwezapo likufuna girizi.

Akuti sanamve ululu. Akuti dokotala ankamvera wailesi.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Tinabwerera m'mawa kukachotsa bandeji. Atachotsa anatsinzina, misozi ikutuluka, ati kuwala kwachuluka. Anawerenga zilembo za pakhoma mpaka mzere wachinayi. Dokotala wati ziziyera pang'onopang'ono, azithira mankhwala kanayi pa tsiku, ndipo asayandikire moto wowotcherera kapena fumbi mpaka atawauza. M'takisi anavala magalasi akuda, nkhope ili pawindo, akuwerenga zikwangwani chamumtima, milomo yokha ikuyenda.

Titafika ndimayembekeza kuti athamangira pa kabati. Ndinali nditapukuta kale fayilo. Koma anangokhala pampando wa pakhonde, akuyang'ana mtengo wa mapeyala.

Nthawi ya swala ya masana ndinavula mpango kuti nditawaze, kusamba kwa pemphero, pa mpopi wa panja paja. Nditaweramuka ndinapeza achotsa magalasi, atseka diso lamanzere ndi dzanja, akundiyang'ana. Ndinawakalipira kuti avale, dokotala ananena. Sanamve.

"Zuhula," anatero. Dzina langa lenileni, limene sanalitchule chibadwire Ilham. "Imvi zonsezi zabwera liti?"

Ndinati zakhalapo zaka ziwiri, ndipo theka lake anabweretsa ndi iwo mwezi wathawu.

Anati ndisavale kaye mpango. Ndinaima pomwepo pa mpopi, madzi akutsika m'zigongono, iwo akungoyang'ana.